Dzina la Wofufuta Zikopa

Kreselini ananyamula tsamba lachikopa lija n'kulilozetsa pawindo kachitatu m'mawa umenewo. Likakhala patebulo linkaoneka bwinobwino: mizere yowongoka, inki yakuda bii, zilembo zondondozana ngati nyerere zodziwa kwawo. Koma likayang'ana dzuwa, chapansi pake pankaoneka kamalo kotalika ngati chala, pomwe kuwala kunkabowoleza kuposa pena paliponse. Apo ndi pomwe mpeni wake unadutsa dzulo lake.

Linali Lachitatu. Lamlungu, Sabata likangotha, buku lonselo linayenera kunyamuka mu mzinda wa Provins pa ngolo ya ogulitsa vinyo kupita ku Worms, m'manja mwa Rabi Yekutiyeli, mlendo amene sukulu ya kumeneko inatuma kudzalitenga. Linali buku la ndemanga za malemu Rabi Azirieli pa Malemba, ntchito ya zaka makumi atatu. Makope a eni akewo ananyowa ndi chigumula cha chaka chatha ndipo ankangonyenyeka m'manja. Akulu a sunagoge anali atagwirizana kale kuti akakwiriridwe kumanda, monga timachitira ndi zolemba zopatulika zikatha mphamvu. Choncho zimene Kreselini anakopera ndizo zinali kudzakhala mawu a Rabi Azirieli kwa ana ndi zidzukulu. Zimene anasiya zinali kudzalowa m'nthaka.

Iye anasiya mzere umodzi wokha.

Mzerewo unali pa ndime yovuta ija ya nguwi. Lamulo limati chikopa chikachita mawanga obiriwira kapena ofiirira, wansembe achitsekere masiku asanu ndi awiri. Mawangawo akapanda kufalikira, achichapitse n'kuchitsekeranso masiku ena asanu ndi awiri, kenako ndiye aweruze ngati n'chowotcha kapena ayi. Rabi Azirieli anakhala nayo ndimeyi zaka zitatu. Ngati madzi ndiwo mboni, bwanji wansembe osaweruza pomwepo chikangochapidwa? Kudikiranso n'kwa chiyani? Analembera anzawo a ku Narbonne, ndipo analandira masamba asanu ndi atatu okoma kuwerenga koma opanda yankho. Kenako tsiku lina anavala nsapato zawo zakale n'kutsikira kumunsi kwa mtsinje, kwa ofufuta zikopa, kumene anthu a mabuku sapondako ngakhale kuti mabuku awo onse amabadwira komweko.

Kumeneko anakhala pa chidebe chozondotsa n'kufunsa Mayi Belasezi, mkazi wamasiye amene anagwira zikopa kuyambira ali mtsikana. Mayiwo anaseka mpaka kupukuta misozi ndi mkono. Anati chikopa chonyowa n'chabodza: chikangotuluka m'madzi chimada chonse, nguwi ya pamwamba ndi nguwi yolowa m'mnofu zimaoneka chimodzimodzi. Uchisiye chiume chokha mumthunzi, osachifulumizitsa ndi moto, masiku asanu ndi awiri athunthu, ndiye chimanena chokha chimene chili.

Rabi Azirieli analemba zonsezi, ndipo pomaliza anawonjeza monga ankachitira nthawi zonse: Izi ndinamva kwa Mayi Belasezi wofufuta zikopa, amake a wophunzira wanga Kreselini.

Kunena zoona, poyamba Kreselini anakopera mzerewo mmene unalili, chifukwa dzanja la mlembi limathamanga kuposa mtima wake. Zinthu zinasintha Lolemba pa chakudya chamadzulo. Rabi Yekutiyeli, munthu wonenepa, wansangala, wokonda miyambi ndi ntchafu ya tsekwe, anayamba kucheza za ntchito za anthu. Anakumbutsa onse kuti anzeru akale analola mkazi wa wofufuta zikopa kusiya banja chifukwa cha fungo lokha, ngakhale atalonjeza pa ukwati kuti adzapirira. Anthu anaseka. Kenako anatembenukira kwa Kreselini n'kufunsa kuti mlembi wa dzanja lokongola chonchi ndi mwana wa yani.

Kreselini anayankha kuti malemu bambo ake ankagwira ntchito ya mabuku.

Silinali bodza. Ndicho chinkamuwawa kwambiri: munthu wophunzira bwino safunika kunama. Ndipo Lachiwiri, atagwira mpeni wopalira, anadzipatsa zifukwa zitatu zolongosoka ngati za m'bwalo la milandu. Choyamba, a ku Worms akaona dzina la mkazi wofufuta zikopa adzanyoza buku lonse, ndiye kupala dzinalo n'kuteteza mphunzitsi. Chachiwiri, amayi ake sadziwa kuwerenga, ndipo munthu sangaberedwe chinthu chimene sangachione. Chachitatu anachiiwala, koma chinali chabwino kuposa zinazo. Anapala mzerewo, anasalaza ndi mwala, n'kulemba kuti: Izi ndinamva kwa anthu odziwa.

M'mawa wa Lachitatu uja, ali chigwirire tsambalo, mkazi wake Jentili, mwana wa malemu Rabi Azirieli, anasuzumira pakhomo n'kumuuza kuti amayi ake abwera. Sanafunikire kunena. Fungo la laimu ndi zitosi za nkhunda linali litakwera kale masitepe.

Mayi Belasezi analowa atavala mpango wawo wa pa zikondwerero, manja atawabisa m'nsalu. Anali atawatsuka ndi vinyo wosasa, koma zikhadabo zawo zinali zofiirira chikhalire. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi chikwatire mwana wawo, ankangofika kukhitchini, podzera khomo lakumbuyo, ndipo palibe anawauzapo kuti azitero.

"Mwadzuka bwanji a Rabi?" anatero, ndi kamwano kawo kamasiku onse. "Akuti buku likupita kwa eni chilankhulo chokhuthala. Ndati ndidzatsanzike nalo. Aphunzitsi ako anandiuza kuti ndili momo, Kresi. Ndionetse pamene ndili, ndigwirepo."

Kreselini anati masamba sanasokedwe, kupeza tsamba limodzi kungatenge nthawi. Amayi ake anayang'ana tsamba limene linali m'manja mwake, n'kunena kuti chikopa chimenecho akuchidziwa, n'cha kamwana ka ng'ombe kamawanga kamene anakafufuta Pasaka isanafike, ndipo Jentili anawauza kuti ndime ya nguwi inagwera pomwepo. Analibenso pothawira. Anaika tsambalo patebulo n'kuloza chapansi.

Mayiwo anapukuta dzanja pa mpango, anaika nsonga za zala ziwiri pachiyambi cha mzere n'kuyamba kuziyendetsa pang'onopang'ono kuchokera kumanja, monga ankaonera anthu akuwerenga m'sunagoge. Zalazo zinayenda pang'ono n'kuima. Zinabwerera. Zinayendanso n'kuima pomwe paja. Kenako anatsina m'mphepete mwa tsambalo pakati pa chala chachikulu ndi cholozera, monga amachitira pamsika pofuna kudziwa ngati mnzawo wawabisira chilema.

Sanayang'ane mwana wawo. 

Nthawi yomweyo Rabi Yekutiyeli analowa akupukuta nyenyeswa za buledi m'ndevu. Paja amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo awa anabwera nako osadziwa n'komwe kuti ali nako. Anakwinya mphuno mwaulemu, anapereka moni, n'kufunsa kuti mayiwa ndi ndani.

Kreselini anatsegula pakamwa. Asanatulutse mawu, amayi ake anayankha okha.

"Ndine wopereka zikopa, bambo," anatero Mayi Belasezi. "Ndimadzangoona ngati ntchito yanga yagwira inki."

Mlendoyo anawayamikira, kenako maso awo anagwera pa tsambalo ndipo nkhope yawo inawala. Anati ndime imeneyi anaiwerenga dzulo masana, ndipo ndiyo yokoma koposa m'buku lonse. Ku Worms akhala akukangana nayo kuyambira nthawi ya agogo awo, ndiye taonani, yankho lake n'lophweka ngati madzi akumwa. Koma panali mwambi wina umene unawasowetsa mtendere. Rabi Azirieli ankatchula aliyense: wakuti wa ku Sens, wakuti wogulitsa nsalu, ngakhale m'busa wachikhristu amene anawauza za kubereka kwa mbuzi. Nanga bwanji pano pokha akuti anthu odziwa? Iwo anali ataganiza bwino. Ayenera kukhala mkulu wina wa ku Narbonne amene Rabi Azirieli anakangana naye, mwakuti sanafune kumutchula koma sanathenso kumubera. Akafika kwawo adzalemba ndemanga pa mfundoyi, ndipo dzina la mkuluyo anali atalipeza kale m'maganizo.

Mayi Belasezi anamvetsera zonsezi mutu utapendekeka.

"Mkulu ameneyo ngwanzeru ndithu," anatero. Kenako analoza kamalo kaja osakagwira. "Koma apa papyapyala, bambo. Wopalayo anaimika mpeni. Kwanu kuli chinyontho, zaka zisanu sizitha pasanabowoke. Ndipo asayerekeze kupalanso kachiwiri, chikopa sichipirira kawiri pamalo amodzi."

Anatsanzika n'kutsika masitepe, ndipo Kreselini anamva chitseko chakumbuyo chikutsekedwa bwinobwino, osamenyetsa.

Mlendo atapita kusunagoge, Jentili anabwera kudzatenga mbale zimene sizinalimo m'chipindamo. Anaima kumbuyo kwa mwamuna wake kwa kanthawi. Kenako anafotokoza, ngati akunena za nyengo, kuti tsiku limene bambo ake anachokera kumtsinje ananunkha masiku awiri ndipo anakana kusintha mkanjo, amvekere fungo la yankho silichapidwa. Anati mzere uja anaulemba iye, Jentili, chifukwa manja a bambo ake anali atayamba kunjenjemera, ndipo anamuuza kuti aubwereze kawiri kuti dzina lisalakwike.

"Ine sindinena kwa munthu," anatero. "Koma Lachisanu ndikayatsa makandulo a Sabata, musandiimbire nyimbo ya mkazi wangwiro. Sindingathe kukuyang'anani."

Kreselini anatsala yekha ndi tsamba lake. Tsopano mwambi unali wake, ndipo monga munthu wokonda miyambi anauyendera mbali zonse. Kupalanso sikukanatheka, amayi ake ananena kale. Kulemba dzinalo m'mphepete sikukanathandiza, chifukwa alembi a ku Worms amadumpha za m'mphepete akaona kuti inki ikutha. Kuwotcha tsambalo n'kunena kuti lasowa sikukanathekanso: Dzina Loyera la Mulungu linalembedwapo kanayi, ndipo chikopa chotere sichiwotchedwa, sichitayidwa, chimaikidwa m'bokosi la kusunagoge pamaso pa anthu. Njira inali imodzi: chikopa chatsopano, masamba anayi kulembanso, zonse zithe dzuwa lisanalowe Lachisanu, pamene Sabata limayamba. Koma zikopa zonse m'nyumbamo zinali zitatha, ndipo mu Provins monse munali munthu mmodzi yekha amene zikopa zake zinkafanana ndi za bukulo.

Anakhala mpaka mthunzi wa windo unafika pa mwendo wa tebulo. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, koma iye anaona kuti mbewayo inali ndi mwayi: sinkayenera kudutsa pamsika masana, itavala mkanjo wa mphunzitsi.

Anadutsa. Ogulitsa anyezi anamupatsa moni waulemu. Atapitirira mlatho n'kukhotera kumunsi, moni unasintha. Akazi opala ubweya anaimika mipeni, ndipo mmodzi, amene ankamusambitsa ali khanda, anafunsa mnzake mokweza ngati kwagwa maliro, popeza mwana wa Belasezi wakumbukira njira. Wina anamuchenjeza kuti asamale nsapato, matope a kuno salemekeza ophunzira.

Anawapeza amayi ake atavula mpango wa chikondwerero, akupala chikopa chokungidwa pa mitengo ndi mpeni wokhota ngati mwezi. Sanatembenuke. Pambali pawo, pa thabwa loyera, panali chikopa china chouma kale, chodulidwa mulingo wa buku lija.

Kreselini anachiyang'ana ndipo mtima wake unapepukako. Anafunsa ngati ankadziwa kuti abwera.

"Ayi," anatero amayi ake, mpeni ukupitirira. "Ndimati ndipatse Jentili mawa. Ulembepo zomwezo za anthu odziwa, koma pa chikopa chathunthu. Sindifuna kuti ku Worms akanene kuti ku Provins kuli wofufuta wa zikopa zobowoka."

"Amayi, ndinapala dzina lanu."

"Ndamva ndi zala. Chimene sindinamve n'chakuti ndani anakuphunzitsa kugwira mpeni chonchija. Bambo ako akanakuwomba khofi. Dzina ndi langa, ukhoza kulibisa. Koma kamwana ka ng'ombe kaja kanakulakwira chiyani?"

Iye anayamba kufotokoza za mlendo, za nthabwala ya pa chakudya, za chifukwa choyamba ndi chachiwiri. Ali mkati anazimva yekha mmene zinkamvekera pakati pa maenje a laimu, ndipo anasiya. Amayi ake anamuponyera mwala wosalazira, n'kunena kuti chikopacho sichinathe, mbali ya ubweya ikadali yaukali, ndipo iwo msana ukuwawa. Ngati akuchifuna avule mkanjowo.

Anavula. Anagwada pa thabwa n'kuyamba kukhula mozungulira, ndipo manja ake anakumbukira ntchitoyo msanga kuposa mmene iye akanafunira. Akazi aja anasonkhana kudzaonerera n'kumagawana maganizo: wina anati akufulumira, wina anati mabuku amufewetsa mapewa, wina anati ayi, kagwiridweko n'ka bambo ake enieni. Pamene ankanyamuka, fumbi loyera linali m'ndevu zake ndipo fungo linali litalowa mpaka m'malaya amkati.

Rabi Yekutiyeli anakumana naye pakhomo lakumaso, chifukwa Kreselini analowera kumeneko. Anakwinya mphuno monga m'mawa muja, kenako anayang'ana chikopa chokulungidwa kukhwapa kwake.

"Rabi, musalembe za mkulu wa ku Narbonne," anatero Kreselini. "Anthu odziwa aja ndi mayi munawaona m'mawa. Ndi amayi anga. Aphunzitsi anawatchula dzina, wopala ndine."

Nkhope ya mlendoyo inafiira pang'onopang'ono kuyambira m'khosi. Mwina ankakumbukira nthabwala yawo, mwina ankalira ndemanga yawo imene inafa isanabadwe. Pomaliza anangofunsa ngati inki ilipo yokwanira, ndipo sanaitanenso Kreselini ndi dzina la mlembi wa dzanja lokongola mpaka tsiku lonyamuka.

Analemba Lachinayi lonse ndi Lachisanu m'mawa. Tsamba lakale analinyamula yekha kupita nalo kusunagoge, ndipo wosamala nyumbayo, poliika m'bokosi pamwamba pa makope a Rabi Azirieli, analilozetsa kaye pawindo monga amachitira onse, anaona kamalo kowala kaja, n'kuyang'ana Kreselini. Pofika masana msewu wonse unali utadziwa.

Dzuwa litapendeka, bukulo lisanasokedwe, anakulunga tsamba latsopano m'nsalu n'kutsikanso kumtsinje. Anawapeza amayi ake akutsuka manja kukonzekera Sabata. Anayala tsambalo pa thabwa loyera lija, n'kuwerenga mzerewo mokweza, mawu onse, mpaka dzina lake lomwe kumapeto. Akazi aja anamva, koma ulendo uno palibe anaponya nthabwala.

Mayi Belasezi anaumitsa zala pa mpango, anaziika pachiyambi cha mzere n'kuziyendetsa kuchokera kumanja mpaka kumanzere. Sizinaime paliponse. Anabwerezanso.

"Apa sindikumva kanthu," anatero. "Paja bodza lako ndinaligwira ndi dzanja. Izi ndiye ndingokhulupirira pakamwa pako."

Kreselini anayang'ana pansi. Anali atakonzekera kukalipiridwa, koma kukhulupiriridwa sanakukonzekere. Anafunsa ngati amukhululukira.

Amayi ake anakulunga tsambalo m'nsalu mosamala n'kumubwezera. Kenako anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato zamatope, ndi diso limene amayang'anira chikopa chongotuluka m'madzi.

"Wachapidwa kumene, Kresi, ukadali wonyowa. Ubwere pakatha masiku asanu ndi awiri, masana, podzera pamsika. Tidzaone ukauma."

Kumtunda kunamveka kugogoda kwa wosamala sunagoge, akuyenda khomo ndi khomo kuuza anthu kuti asiye ntchito. Kreselini anayamba kukwera njira ya kumlatho, tsamba lili pachifuwa, akuwerenga masiku ndi zala zimene zinali zisanasiye kununkha laimu.